Masitampa a Dziko Lathu: Kodi Aonetsa Yani?

Sitampa ndi kapepala kakang'ono, kongoposa pang'ono chikhadabo cha chala chachikulu, kamene timagula ku positi ndi kumata pa envelopu kuti kalata iyende. Ntchito yake yoyamba ndi kuchitira umboni kuti wotumiza walipira ulendo wa kalatayo. Koma pa kapepalako pali chithunzi, ndipo chithunzicho amasankha ndi Boma. Chifukwa chake munthu amene asonkhanitsa masitampa a dziko lake, nawandandalika monga mwa zaka zake, amaona zimene olamulira a nthawi iliyonse anafuna kuti anthu azione za dzikolo, ndiponso zimene sanasamale kuonetsa.

M'nkhani ino tifuna kusankha masitampa athu monga momwe mlimi asankhira fodya m'chigafa, tsamba labwino uku, loperewera uko. Muyeso wathu ndi umodzi wokha: kodi mayi wa ku Nsaru kapena bambo wa ku Namitete, amene anapereka kobiri lake nanyambita sitampayo, anaonapo kanthu ka kwawo?

Nzeru ya sitampa inayambira ku Britain m'chaka cha 1840, ndipo amene anailimbikira ndi Rowland Hill. Kale wolandira kalata ndiye ankalipira, ndipo ena ankakana kuilandira poopa mtengo. Hill anati alipire wotumiza, mtengo wochepa ndi wofanana. Sitampa yoyambayo inali yakuda, ya kobiri limodzi, yokhala ndi mutu wa Mfumukazi Victoria.

Kuno kwathu positi ya Boma inayamba m'chaka cha 1891, pamene Angerezi anatenga dziko lino nalipatsa Harry Johnston kuti alilamulire. Boma latsopanolo linalibe masitampa akeake, tsono linatenga a kampani ya Cecil Rhodes ndi kudindapo zilembo zitatu, B.C.A., zoimira dzina lakuti British Central Africa. Pa masitampa amenewa palibe chotamanda kapena chodzudzula kwenikweni, pakuti anali malaya obwereka. Koma ulendo wa kalata masiku amenewo ndi woyenera kuukumbukira. Makalata ochokera kutsidya kwa nyanja ankatsikira ku Chinde, pamene Zambezi alowera m'nyanja yamchere, nakwera ndi sitima zapamadzi kufika ku Chiromo pa mtsinje wa Shire. Kuchokera kumeneko matumba ankasenzedwa ndi amtengatenga, amuna oyenda pansi usana ndi usiku, opatsirana katundu panjira, ovala zofiira, ena atanyamula mfuti chifukwa cha mikango. Kanyumba kamene ankapumirako kalipo pa Namaka, pa msewu wa Blantyre ndi Zomba, ndipo kanasandutsidwa kosungiramo mbiri yawo. Positi yonse ya masiku oyambawo inayenda ndi mapazi a anthu amenewa, koma masitampa amene anali m'matumba awo sanawaonetse.

Anthu akuda anaoneka pa masitampa a 1895, oyamba kupangidwira dziko lino. Chithunzi chake chinali chizindikiro cha Boma chimene Johnston anakonza: chishango pakati, mtengo wa khofi pamwamba, ndi amuna awiri akuda m'mbali, wina atagwira piki, wina fosholo. Munsi munalembedwa mawu a Chingerezi akuti Light in Darkness, ndiko kunena kuti kuunika mu mdima. Wojambulayo anali waluso ndithu, ndipo mizere yake ndi yosalala. Koma tamvani zimene chithunzicho chinena. Mwini dziko waimikidwa pambali ngati mzati wa khonde, ntchito yake kuchirikiza chishango cha mlendo. Wapatsidwa fosholo m'malo mwa khasu lake, kusonyeza kuti alikufunidwa monga wantchito, osati monga mlimi wa munda wake. Ndipo kwawo kwatchedwa mdima. Mawu a mdimawo anachotsedwa pa masitampa a 1897, koma amuna awiriwo anatsala chiimire. Tisaiwalenso kuti msonkho wa nyumba masiku amenewo unali masheleni atatu, ndi kuti sitampa ya masheleni atatu inkagwira ntchito ngati umboni wa msonkhowo. Motero anthu ambiri a m'midzi anayamba kuona sitampa pa chikalata cha msonkho asanaione pa kalata ya mbale wawo.

Za masitampa a zaka zotsatira sitichedwapo. Kuyambira 1903 panali mutu wa Mfumu Edward, kenaka wa Mfumu George, ndipo mitu yomweyo inali pa masitampa a maiko ena ambiri olamulidwa ndi Angerezi, kusiyana dzina lokha. Dzina la dziko linasintha mu 1907 kukhala Nyasaland. Chatsopano chinadza mu 1934: kambuku ataimirira pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, mutu wa mfumu pambali. Osonkhanitsa masitampa a ku Ulaya amaikonda sitampa imeneyi kufikira lero, ndipo sitingawatsutse, chifukwa ndi yooneka bwino, yosadzaza zinthu, ndipo munthu amaizindikira ali patali. Kambuku ndi nyama yathu, ndipo chikopa chake ndi cha mafumu. Komabe kwa mwini khola kambuku ndi mbala ya mbuzi, ndipo m'chithunzi chonsecho mulibe munthu wa kuno ngakhale mmodzi. Dzuwa lotulukalo ndilo linakhala ndi mwayi, pakuti dzuwa lotuluka tinadzalionanso pa mbendera yathu mu 1964, litatenga tanthauzo lina.

Tsono pamene kambuku anali kuyenda pa makalata, kodi ankalemba makalatawo ndani? Tiyeni tibwere kuno kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe. M'zaka zoyamba za m'ma 1920 Azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayamba kugawira anthu mbewu ya fodya wa chikopa, wouma ndi utsi, ndi kumagula masamba ake. Barron anakhazikika ku Mbabzi. Ulimiwo unafalikira msanga kotero kuti mu 1926 Boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa anthu a m'midzi. Ndalama inalowa m'midzi ya kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Mpingu. Nthawi yomweyo amuna ambiri anali kupita ku Halale kukagwira ntchito m'mapulazi, ena ku Joni ku migodi, kwinaku sukulu za mishoni, monga za ku Nambuma, zikuphunzitsa ana kugwira cholembera. Zinthu zitatuzi, ndalama, ulendo ndi sukulu, ndizo zinabala kalata ya m'mudzi. Mwamuna ali kutali ankafuna kudziwa ngati chimanga chacha, ngati mwana wabadwa; mkazi ankafuna kudziwa ngati mwamunayo akali moyo kapena watchona. Ambiri mwa iwo sankatha kulemba, tsono ankapempha mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kuti awalembere ndi kuwawerengera, ndipo chinsinsi cha banja chinkagona m'kamwa mwa munthu wachitatu. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu mudziwa kulemera kwake kwa chinthu chimenechi koposa ife. Amenewa ndiwo anali ogula masitampa a mtengo wochepa, pa msewu wopita ku Fort Manning ndi ku Fort Jameson, umene udzera pa Namitete. Masitampawo sanawadziwe.

M'chaka cha 1945, nkhondo yaikulu yachiwiri itangotha, Boma linatulutsa masitampa a zithunzi zosiyanasiyana kwa nthawi yoyamba. Panali nyanja, mudzi wa asodzi, munda wa tiyi, fodya, mapu a dziko, ndipo pa sitampa ya kobiri limodzi panali msilikali wa K.A.R. Apa tiyenera kuyamikira. Munthu wa kuno anaonekera ndi nkhope yake, wosachirikiza chishango cha wina, ndiponso pa sitampa yotsika mtengo imene aliyense akanatha kugula. Asilikali amenewa anali atamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo ambiri anali ana a m'midzi yathu yomweyi. Koma ulemuwo sunakhalitse. Mu 1947 sitampa ya msilikali inachotsedwa, ndipo m'malo mwake munabwerera kambuku ndi dzuwa lake.

Masitampa a 1945 ali ndi chilema china chimene chinatsatira masitampa athu zaka zambiri. Osankha zithunzi anaona dziko lino ndi maso a mlendo wodzacheza ndi a wamalonda. Mlendo afuna nyanja ndi phiri; wamalonda afuna tiyi ndi fodya, zogulitsa kunja. Chigwa cha Lilongwe chilibe nyanja, ndipo mapiri ake si otchuka ngati Mulanje. Chili ndi madambo, ng'ombe, nkhokwe, mitondo ndi minda ya chimanga yofika kumene maso alekezera. Ndicho chimadyetsa dziko, koma wojambula anachiyesa chosakongola. Fodya yekha ndiye analowa, ndipo analowa chifukwa ankabweretsa ndalama ku Boma. Chimanga, chimene popanda icho wothyola tiyi sangaweramuke, sichinapeze malo.

Masitampa amene tiwaika pansi pa onse ndi a nthawi ya Chitaganya. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 anthu a kuno atachikana, ndipo kuyambira 1954 masitampa a Nyasaland analeka, nabwera a maiko atatu pamodzi. Mu 1959 kunatuluka a zithunzi oposa khumi. Kasindikizidwe kake nkabwino, mitundu yake yowala; pamenepo palibe mlandu. Mlandu uli pa zosankhidwazo. Panali mgodi wa kopa, mathithi a Victoria Falls, ulalo wa Chirundu, bwalo la ndege la Salisbury, ndipo Nyasaland anapatsidwa zomwe zija: wothyola tiyi, nyanja ndi phiri la Mulanje. Cecil Rhodes anakumbukiridwa kawiri, pa sitampa ya masheleni asanu ndi chifanizo chake, ndi pa ya tiki ndi manda ake a ku mapiri a Matopo.

Taganizani za sitampa ya tikiyo. Kwathu kuno manda ndi malo oopedwa. Munthu sapitako wamba, ndipo saloza ndi chala mwachibwana. Kalata ndi chinthu chimene wolandira amatsegula mtima uli m'mwamba, posadziwa ngati muli moni kapena uthenga wa maliro. Kuika chithunzi cha manda pakhomo pa kalata ndi kusadziwa anthu amene ukuwagulitsa sitampayo. Ndiponso anali manda a munthu amene dzina lake linali pa dziko limene anthu a kuno ankakana kumangidwa nalo pamodzi. Chaka chomwecho cha 1959, pa 3 Malichi, Boma linali litagwira Dr. Banda ndi atsogoleri ena ambiri, ndipo Dr. Banda anatsekeredwa ku Gwelo. Tsono mkazi wolembera mwamuna wake womangidwa chifukwa chokana Chitaganya anayenera kugula chithunzi cha Chitaganyacho kuti kalata yake iyende. Osankha zithunzi ku Salisbury mwina sanaganizeko zimenezi, ndipo kusaganizako ndiko kulakwa kwawo.

Chitaganya chinatha pa mapeto a 1963. Miyezi yotsiriza Boma la ku Zomba linatenga masitampa a msonkho ndi kudindapo mawu osonyeza kuti tsopano ndi a makalata, podikira atsopano. Atsopanowo anatuluka pa 1 Januwale 1964 ali ndi dzina la Nyasaland, ndipo pa 6 Julayi chaka chomwecho zithunzi zomwezo zinatulukanso ndi dzina la Malawi, mutu wa Mfumukazi utachotsedwa.

Ife tiyesa kuti amenewa ndiwo masitampa abwino koposa onse amene dziko lino lakhala nawo, ndipo chifukwa chake chili pa a mtengo wochepa. Pa theka la kobiri panali mayi ndi mwana. Pa kobiri limodzi panali chambo. Pa makobiri awiri panali ng'ombe yamphongo ya linunda, yomwe ija ya m'madambo athu, osati ya ku Ulaya. Pa tiki, pamene panali manda a Rhodes, panabwera mtedza. Mlimi wa ku Mpingu, amene amalima mtedza wa Chalimbana pafupi ndi malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, sanafune womasulira kuti amve chithunzi chimenecho. Mwana wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi akanatha kutumidwa ku positi nauzidwa kuti, “Ukagule ya mtedza,” ndipo sakanasokera. Umenewu ndiwo ubwino weniweni wa chithunzi cha pa sitampa: chikhale chinthu chimodzi, chachikulu, chodziwika, pakuti malo ndi ochepa ndipo chidindo chidzaphimba mbali ina. Zinthu za alendo, monga Monkey Bay ndi nyala, zinaikidwa pa masitampa a mtengo wapatali, amene munthu wamba sankawagwira kawirikawiri. Kagawidwe kameneka nkanzeru.

Ngakhale zili tero, tsamba labwino silisowa kachibowo. Mayi ndi mwana anapatsidwa sitampa yotsikitsitsa, pamene kwa ife Achewa mayi ndiye tsinde la mbumba. Wina angayankhe kuti choyamba pa mndandanda ndicho cholemekezeka, ndipo yankholo tingalilandire. Koma za fodya sitingakhale chete. Pa sitampa ya sheleni ndi tiki anaikapo fodya wa mtundu wa ku Turkey, amene Boma linali kulimbikitsa cha ku Mzimba, nasiya wa chikopa amene mabanja zikwizikwi a ku Lilongwe ndi ku Dowa anali atalima zaka makumi anayi, akugona m'zigafa kusonkhezera moto. Boma linaonetsa chimene linali kuyembekeza, osati chimene anthu anali kuchita.

Masitampa a ufulu wa 1964 anali ndi nkhope ya Dr. Banda, ndipo tsiku limenelo zinali zoyenera. Koma nkhopeyo inabwerezedwa zaka zambiri pa zikondwerero za Boma, kufikira inayamba kugwira ntchito yomwe ija ya mitu ya mafumu a ku Britain, ndiyo kukumbutsa wogula kuti mwini mphamvu ndani. Opambana pa masitampa a chikumbutso ndi a 1965, okumbukira kuti papita zaka 50 chiukireni John Chilembwe mu 1915. Munthu amene Boma lakale linamutcha chigawenga anayenda pa makalata a Boma latsopano, ndipo positi yomwe kale inkanyamula malamulo omusaka inanyamula nkhope yake. Mu 1966 positi inakumbukira zaka 75 za ntchito yake poonetsa sitampa yakale ija ya B.C.A. mkati mwa yatsopano.

Kuyambira 1968 masitampa a tsiku ndi tsiku anakhala a mbalame, ndipo mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi kobiri, anakhala a nyama za m'tchire za mtundu wa agwape. Pambuyo pake kunabweranso mbalame ndi nsomba za m'nyanja. Kukongola kwake palibe angakane, ndipo ndiwo anatchukitsa dzina la Malawi pakati pa osonkhanitsa a kunja. Tiyeneranso kuvomereza kuti sitampa yogulidwa ndi munthu wa ku London kapena ku New York, nangoiika m'buku, ndi phindu kwa positi, pakuti yalipiridwa koma sinanyamule kalata. Koma pofuna kukondweretsa ogula amenewa, masitampa athu anabwerera ku maso a mlendo, dziko la nyama lopanda anthu. Ndipo pali chodabwitsa china. Chaka cha 1968 ndicho chimene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, koma maina a mbalamezo analembedwa m'zinenero za kunja. Mwana woweta ng'ombe ku Nambuma amadziwa mbalame zambiri ndi maina ake, kulira kwake ndi pomwe zimamanga zisa, koma powerenga pa sitampa sakanapeza dzina limene iye adziwa. Ena amene anatuluka bwino m'zaka zimenezo ndi a 1972, oonetsa zojambula za makolo pa matanthwe, monga za ku Chencherere ku Dedza, pakuti pamenepo luso la anthu a dziko lino ndilo linali chithunzi.

Wofuna kuyamba kusonkhanitsa achenjere ndi chinthu chimodzi. M'zaka za pambuyo pa 2000 anthu ena akunja anasindikiza mapepala okhala ndi dzina la Malawi, oonetsa magalimoto a mpikisano ndi anthu otchuka a maiko ena, nawagulitsa ngati masitampa, pamene positi yathu sinawatulutse. Amenewo si masitampa, ndipo sananyamulepo kalata.

Nanga tsono mbiri ya Namitete ndi Nsaru tidzaipeza kuti, poti zithunzi zambiri zinailambalala? Ili pa chidindo. Kalata isananyamuke, kalaliki wa positi amadinda sitampa kuti isagwirenso ntchito kawiri, ndipo pa chidindocho pamakhala dzina la positi ndi tsiku. Chithunzi anasankha ndi akuluakulu a ku London, ku Salisbury kapena ku Zomba, koma chidindo chimanena za malo enieni ndi tsiku lenileni pamene munthu wina anaimirira pa zenera la positi ndi kalata m'manja. Chidindo chimasunganso maina amene anatha: Fort Manning amene tsopano ndi Mchinji, Port Herald amene ndi Nsanje, Fort Johnston amene ndi Mangochi. Masitampa a mtundu umodzi anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa iwo mtengo wake ndi wochepa. Musanyengedwe ndi okuuzani kuti sitampa iliyonse yakale ndi chuma. Koma envelopu yodindidwa pa positi yaing'ono ya kumudzi ndi yosowa, chifukwa makalata ochokera kumeneko anali owerengeka ndipo osunga anali ochepa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musayambe ndi kufunafuna masitampa a 1895 amene ali m'mabuku a anthu olemera kutsidya kwa nyanja. Yambani ndi bokosi lachitsulo la agogo, lija anabwera nalo kuchokera ku Joni.

Mukapeza envelopu yakale, musamatule sitampa yake. Ambiri amalakwa pamenepa: amang'amba ngodya, nataya dzina la positi, tsiku, ndi njira imene kalatayo inayenda. Sungani yonse yathunthu. Ngati kalata ikali mkati, pemphani mwini wake kapena abale ake musanaiwerenge, pakuti mawu a m'kalata ndi a banja, ngakhale patapita zaka 60. Sitampa imene inang'ambidwa kale ndi kachidutswa ka pepala mungaiviike m'madzi ozizira kufikira ilekane yokha, kenaka muiyanike chafufumimba pa pepala loyera, pamthunzi. Musaimate m'buku ndi phala kapena ulimbo, ndipo samalani timano ta m'mbali mwake, pakuti sitampa yoguluka mano yatha mtengo. Adani ake ndi chinyezi, chiswe ndi mphemvu. Chitini chotseka bwino, choikidwa pamwamba kutali ndi utsi wa kukhitchini, chikwanira. Pambali pa envelopu iliyonse ikani kapepala kolembapo amene analemba, kumene anali, ndi ntchito imene ankagwira, akuluakulu odziwa zimenezi akali moyo. Masiku ano moni ndi ndalama zomwe zimayenda pa foni, ndipo makalata a m'mudzi odindidwa pa Namitete kapena pa Nsaru achepa kwambiri. Amene alipo ndi omwewo ali m'mabokosi ndi m'madenga a nyumba zathu.